Madzi Akaphwa: Malangizo kwa Achinyamata pa Kukonzanso Nyumba

Madzi osefukira akaphwa, anthu n'kuyamba kuchoka m'misasa, m'masukulu ndi m'matchalitchi momwe anathawira, mudzi umalowa m'nyengo imene okhala m'chigwa cha Shire ndi m'munsi mwa mapiri a Mulanje amaidziwa kuti ndi yoopsa pafupifupi ngati usiku umene madziwo anafika. M'masabata amenewa makoma onyowa amagwera anthu amene anapulumuka, zitsime zosakanikirana ndi zam'chimbudzi zimafalitsa kolera, ndipo mabanja anjala amadya chimanga chowola chifukwa chosowa pogwira. Ntchito yochotsa matope ndi kudzutsa nyumba imagwera achinyamata, pakuti ndiwo ali ndi mphamvu zogwira fosholo tsiku lonse, koma mphamvu zimenezi kawirikawiri zimabwera ndi phuma, ndipo phuma ndilo limasandutsa ntchito yabwino kukhala ngozi yachiwiri. Wachinyamata asanakhudze chilichonse ayenera kudziwa kuti ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake, imene imayambira kunja kwa nyumba, ndipo mbali yake yaikulu ndi kudikira.

M'badwo wa lero waona madzi ambiri pa zaka zochepa. Mu Januwale 2015 boma linalengeza kuti maboma 15 agweredwa ndi ngozi, ndipo anthu pafupifupi 230,000 anasowa pokhala. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa, oposa 650,000 ali m'misasa ndi kwa abale. Madzi amene anaononga nyumba pa zaka zonsezi anali a mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake kumalamula kakonzedwe. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, makamaka kumene Ruo amathira mu Shire pa Chiromo, madzi amakwera n'kuima masiku angapo, kunyowetsa tsinde la khoma ndi kusiya matope osalala. Ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chiradzulu ndi ku Phalombe kunatsika napolo, amene ndi matope, miyala ndi mitengo yogumuka kuphiri, monga zinachitikiranso kuchokera m'phiri la Michesi mu 1991. Nyumba imene inaima m'madzi odikha imafunsidwa ngati makoma ake akadali ndi mphamvu, pamene nyumba imene napolo anaidutsa pafupi imafunsidwa ngati nthaka imene yakhalapo ndi phiri lili pamwamba pake zakhazikika, ndipo funso lachiwirili sangaliyankhe mwininyumba yekha.

Choyamba ndi kuizungulira nyumba masana, osalowamo. Nyumba zambiri za kumudzi ndi za zidina, zimene ndi njerwa zoumbidwa ndi kuyanikidwa padzuwa osaotcha, kapena za mdindo, zimene makoma ake ndi dothi lotsenderedwa m'chikombole, ndipo zina ndi za njerwa zootcha koma zomangira matope. Dothi lotere likamwa madzi limafewa kuyambira pansi, kotero kuti khoma looneka louma ndi lolimba kumtunda limakhala litakhala pa phala. Ming'alu yopendekeka yochokera pangodya ya zenera kapena ya chitseko, chitseko chimene kale chinkatsekeka bwino koma tsopano chikukana, khoma lotupa pakati ndi maziko okokoloka ndi zizindikiro zakuti nyumba yasuntha. Chingwe chomangirira mwala kunsonga, chikagwiridwa pamwamba pa khoma, chimaonetsa kupendekeka kumene diso silingakuone. Khoma lopendekeka siliwongoledwa. Limagwetsedwa mwadala, denga litachirikizidwa ndi mphanda zolimba, ana ali kutali. Ngati nyumba ikuoneka kuti ingalowedwe, mmodzi alowe wina ataima panja, ndipo pasapezeke wogonamo usiku woyamba chifukwa chongoopa akuba, pakuti makoma otere amagwa ngakhale kunja kuli zii, mvula italeka kale.

M'nyumba zokhala ndi magetsi swichi yaikulu izimitsidwe munthu ataima pouma, ndipo isayatsidwenso mpaka katswiri wa zamagetsi ataona mawaya ndi masoketi onse. Waya wa ESCOM wogwa pansi aonedwe ngati wamoyo nthawi zonse. Njoka ndi zinkhanira zimathawa madzi monga anthu, ndipo zimabisala kudenga, m'miphika ndi pansi pa matumba, choncho katundu ayambe wagwedezedwa ndi ndodo asanagwiridwe ndi dzanja. M'madera oyandikana ndi Shire, zithaphwi zotsalira zimatha kusunga ng'ona. Majombo ndi magolovesi si zodzionetsera: m'matope mumabisala misomali, malata ndi magalasi, ndipo bala lolowa dothi ndi njira ya kafumbata, matenda oumitsa nsagwada ndi thupi amene amapewedwa ndi katemera wa kuchipatala. Amene alibe majombo avale nsapato iliyonse yotseka, ndipo bala lililonse litsukidwe ndi sopo ndi madzi aukhondo nthawi yomweyo.

Ntchito yeniyeni yoyamba ndi ya madzi akumwa ndi chimbudzi, ndipo achinyamata ambiri amaidumpha chifukwa chofulumira kuona chipinda chawo chili mbee. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, patangodutsa namondwe Ana, unafalikira m'dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700, chiwerengero chimene sichinaonekepo pa mliri wina uliwonse wa kolera m'Malawi. Madzi osefukira amadzaza zimbudzi zokumba n'kutulutsa zam'kati mwake, ndipo zimenezi zimalowa m'zitsime, ngakhale m'mijigo imene inamira, popanda kusintha kwenikweni fungo kapena maonekedwe a madziwo. Chifukwa cha ichi, madzi onse a m'mudzi wosefukira aonedwe ngati oipa kufikira alangizi a zaumoyo atathira mankhwala pachitsimepo. Madzi amatope ayambe adikha, asefedwe ndi nsalu yoyera, kenako awiritsidwe mpaka kubwadamuka kwa mphindi yathunthu, kapena athiridwe klorini, mankhwala opha tizilombo amene amapezeka ngati WaterGuard m'magolosale kapena ngati madzi osungunula amene alangizi amagawa. Muyeso ndi wolembedwa pabotolo kapena wonenedwa ndi mlangizi, ndipo madziwo asamwedwe mphindi 30 zisanathe. Asungidwe m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono, chifukwa ndowa yotsekula imalandira dzanja ndi kapu ya aliyense.

Chimbudzi chakale chimene chinamira chisapondedwe, popeza dothi la m'mbali mwa dzenje limakhala litafewa ndipo pansi pake pangathe kutitimira ndi munthu. Chikwiriridwe, ndipo china chikumbidwe pamalo okwera koma kumunsi kwa chitsime ndi kutali nacho mamita osachepera 30. Kumene madzi a pansi ali pafupi, dzenje likhale losazama ndipo chimbudzicho chikwezedwe pa chiunda cha dothi. Pakhomo pake paikidwe mpondagiya, kachigubu kopendeketsa ndi phazi kosambira m'manja, pamodzi ndi sopo kapena phulusa. Munthu akayamba kutsekula m'mimba mwamadzimadzi, apatsidwe Thanzi ORS nthawi yomweyo ali pa ulendo wa kuchipatala, ndipo ngati mapaketi palibe, lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere zimagwira ntchitoyo. Kolera imatha kupha munthu wamkulu wamphamvu pa maola ochepa, kotero kudikira kuti kuche ndi kulakwa kwakukulu.

Zimenezi zikatheka ndiye matope achotsedwe, ndipo apa pokha ndi pamene changu chili chabwino, pakuti matope akadali ofewa amachoka ndi fosholo, koma akauma amagwira ngati simenti ndipo fumbi lake limalowa m'mapapo. Ayambire kuchipinda cha m'kati kulowera kukhomo, ndipo asaunjikidwe m'mbali mwa khoma, kumene angapitirize kulinyowetsa, kapena pafupi ndi chitsime. Pansi pa simenti patsukidwe kaye ndi madzi a sopo kenako papukutidwe ndi madzi a klorini, chifukwa klorini ikathiridwa pamatope mphamvu yake imathera m'matopemo tizilombo tili chikhalire. Kapu imodzi ya Jik wamba m'makapu 16 a madzi ndi yokwanira kupukutira pansi, makoma a pulasitala ndi matebulo. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, popeza kusakaniza kotero kumatulutsa mpweya wopweteka m'chifuwa. Pansi padothi sipatsukika: dothi la pamwamba lipalidwe ndi khasu n'kutayidwa, papite mphepo, ndipo pazirwe mwatsopano ndi dothi lochokera pamalo amene madzi sanafike. Mbuzi, nkhuku ndi nkhumba zofera m'madzi zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi madzi akumwa, ngakhale nkhuli ndi njala zikunena zina.

Chovuta kwambiri pa ntchito yonse ndi kusankha zotaya, chifukwa banja limene lataya zambiri limakakamira chilichonse chotsala, ndipo palibe amene angalinyoze pa chimenecho. Ufa, mchere, shuga ndi chakudya chilichonse chimene chinakhudzana ndi madzi osefukira chapita. Nkhani yowawa ndi ya chimanga ndi mtedza. Mbewu zikanyowa n'kukhala m'thumba kapena m'nkhokwe motentha zimachita chuku, nkhungu imene mitundu yake ina imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi pakapita zaka, amapinimbiritsa ana, ndipo akachuluka amapha pa masiku ochepa. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika, kukazinga kapena kugaya, ndipo chimanga chochita chuku chikapatsidwa ng'ombe, gawo lake limatulukira mumkaka. Kufulula nacho mowa kapena kuchigulitsa chitasakanizidwa ndi chabwino ndi kungosamutsira matenda kwa mnansi. Chimanga chimene chinali pamwamba osamira, chongogwidwa ndi chinyezi, chiyanikidwe msanga pa lona kapena pamphasa youma, chisankhidwe njere ndi njere, ndipo chosintha mtundu kapena chonunkha chitayidwe. Chimene chinamira m'madzi odutsa m'zimbudzi, kapena chinali chipinda chimodzi ndi feteleza ndi mankhwala a tizilombo amene anasungunuka, chisadyedwe konse. Kawirikawiri amene amakana kutaya ndi agogo kapena amayi, omwe analima chimangacho ndi thukuta lawo ndipo akukumbukira njala ya 2002. Mwana wanzeru sawalanda thumba m'manja, koma amakhala nawo pansi, kuwafotokozera mwaulemu, ndipo zikavuta amaitana mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi kuti mawuwo achokere kwa munthu amene akuluwo angamumvere.

Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi sopo m'madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa, miphika ndi mbale ziviikidwe m'madzi a klorini zitatsukidwa, koma matiresi a siponji amene anamwa madzi a zimbudzi ndi ovuta kuwayeretsa mpaka m'kati, ndipo mwana wakhanda kapena wodwala asagonekedwepo. Neti ya udzudzu ichapidwe mofatsa n'kuyanikidwa pamthunzi kuti mankhwala ake asathe mphamvu, ndipo ikhomedwe usiku woyamba womwewo, chifukwa udzudzu umakula kuchokera pa dzira m'masabata awiri okha, ndipo malungo amachuluka zithaphwi zikakhalitsa. Mankhwala onyowa atayidwe, koma amene amamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi apite kuchipatala chilichonse chapafupi tsiku lomwelo, osachita manyazi kuti buku la kuchipatala linapita ndi madzi. Mapepala ofunika, monga satifiketi za MANEB ndi zikalata za malo, alekanitsidwe limodzilimodzi akadali onyowa, aumitsidwe pamthunzi ndi kujambulidwa pa foni.

Kuumitsa nyumba ndi gawo lalitali koposa, ndipo ndi limene limayesa mtima wa wachinyamata. Nkhungu imayamba kumera pa zinthu zonyowa pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, choncho mazenera ndi zitseko zikhale zotsekula masana onse, katundu asunthidwe kuchoka kukhoma, ndipo pulasitala wofufuma kapena wolira mopanda kanthu akamenyedwa agumulidwe kuti njerwa zipume. Khoma limauma kunja msanga pamene m'kati mwake chinyezi chimakhala masabata ambiri, mwina miyezi, ndipo amene amathamangira kupaka pulasitala ndi penti wa mafuta amatsekera chinyezicho m'kati, kenako penti amasupuka ndipo mchere woyera umatuluka pakhoma. Kapepala ka pulasitiki komatidwa mbali zonse pakhoma madzulo kamanena zoona m'mawa: kakachita thukuta m'kati, khomalo silinaume. Popeza madzi ambiri amasefukira pakati pa Januwale ndi Malichi, nthawi yabwino yomata ndi kupaka ndi pamene mvula yatheratu ndipo mphepo ya mwera yawomba, ndipo laimu amaposa penti wa mafuta pa khoma lotere chifukwa amalola chinyezi kutuluka. Mbaula yamakala isaikidwe m'nyumba yotseka pofuna kufulumizitsa kuuma, ndiponso jenereta isalizidwe m'kati, pakuti zonse ziwiri zimatulutsa mpweya wopanda fungo wotchedwa carbon monoxide, umene umagoneka banja lonse tulo tosadzukanso. Mitengo ya kudenga ndi mafelemu aonedwenso pakapita miyezi, chifukwa chiswe chimakonda mtengo umene unanyowa.

Asanatsuke makoma, wachinyamata aike chizindikiro chosafufutika pamene madzi analekezera, pakhoma kapena pamtengo waukulu wa pabwalo, chifukwa mzere umenewo ndiwo muyeso wa ntchito yonse yomanganso. Kubwezera nyumba mmene inalili ndi kuikonzera kugwa kwina. Maziko akumbidwe kufika pa nthaka yolimba, ndipo pansi pa nyumba pakwezedwe kupitirira mzere wa madziwo ngati n'kotheka. Simenti inakwera mtengo kwambiri, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mabanja ambiri sangakwanitse kumangira nyumba yonse. Matumba ochepa amene alipo apite ku maziko ndi ku mizere ya njerwa ya m'munsi, osati ku pulasitala wokongoletsa kumaso kwa nyumba. Pamwamba pa maziko payalidwe pepala la pulasitiki lochindikala loletsa chinyezi kukwera m'khoma, khonde lizungulire nyumba motsetsereka kunja, denga lituluke mokwanira kuti mvula isamenye khoma, phaso limangiriridwe kukhoma ndi waya, ndipo ngalande zikumbidwe zopatutsa madzi popanda kuwalozetsa kwa mnansi. Ndalama za katapila zisalowe pa ntchitoyi, pakuti chiwongoladzanja chake chimadya zokolola za chaka chotsatira. Banki m'khonde ndi kumanga chipinda chimodzi cholimba chaka chino, china chaka chamawa, ndi njira yochedwa imene imasiya banja lili pa ufulu. Ndipo asaiwalike mapiri: uvuni uliwonse wa njerwa umadya mitengo, ndipo phiri lometedwa mpala silisunga madzi kapena miyala yake.

Pali funso limene liyenera kufunsidwa njerwa yoyamba isanaikidwe, ndipo ndi lakuti kodi nyumbayo iyenera kumangidwanso pamalo omwewo. Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo mtsinje wa Ruo, umene unapatuka n'kudula dera la Makhanga mu 2015, unatsimikizira mawuwo. Anthu amene amakana kusamuka sachita zimenezi chifukwa cha umbuli, monga ena okhala m'tauni amanenera: m'chigwamo muli nthaka yachonde imene madzi omwewo amaibweretsa, muli nsomba, muli manda a makolo, ndipo mfumu yosamukira m'dera la mfumu ina imaopa kutaya ufumu wake. Zifukwa zimenezi ndi zolemera ndipo ziyenera kumvedwa. Komabe Amang'anja akale ankalima kuwiri, ku mphala, kumene ndi kumtunda kodalira mvula, ndi ku dimba, kumene ndi kunsi kodalira chinyontho cha mtsinje, ndipo nzeru imeneyo ikugwirabe ntchito: munda ukhoza kukhala kunsi, nyumba yogona ndi nkhokwe zili kumtunda. Nyumba imene yamira kawiri pa zaka khumi, kapena imene ili m'njira ya napolo pansi pa phiri logumuka, siyenera kulandiranso thumba limodzi la simenti. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la kayendetsedwe ka ngozi mu 2023 m'malo mwa la 1991, ndipo nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, imagwira ntchito kudzera m'makhonsolo ndi m'makomiti a m'midzi. Achinyamata alowe m'makomiti amenewa, alembetse zoonongeka mwachilungamo popanda kuwonjezera maina, ndipo afunse poyera za malo osamukirako, madzi, sukulu ndi chipatala chake, chifukwa kusamutsa anthu kuwapititsa pamalo opanda mjigo kumangowabweza kuchigwa.

M'mudzi uliwonse wosefukira muli nyumba zimene eni ake sangathe kugwira fosholo: za agogo olera adzukulu amasiye, za amayi oyembekezera, za anthu olumala, ndi za amene anaika maliro a ana awo ndipo manja awo afooka ndi chisoni. Munthu wotere akakhala chete pakhomo tsiku lonse osadya, kapena mwana akamadzidzimuka usiku mvula ikangoyamba kugwa pamalata, asanenedwe kuti ndi waulesi kapena wamantha. Akhale naye pafupi abale, atsogoleri a mpingo kapena a mzikiti, ndipo zikapitirira aperekezedwe kuchipatala. Achinyamata a m'mudzi apangane, agawane mafosholo ndi mawilibala ochepa amene alipo, ayambire kuchitsime ndi kuzimbudzi za onse, kenako apite kunyumba za ofooka aja asanafike kwawo. Akafika pakhomo pa agogo aodire, apemphe chilolezo asanatulutse kapena kutaya kanthu kalikonse, ndipo asachokepo asanawasiyire madzi othira klorini ndi neti yokhoma.